Kamba wa Paulendo: Funso Lili M'chiwaya

M'kope lino tatulukako m'khitchini ya amayi, tapita kukaima m'mbali mwa msewu.

Masiku ano nkovuta kupeza banja ku Mangochi, ku Namwera, ku Malindi kapena ku Makanjira limene lilibe mwana, mlamu kapena mdzukulu ku Joni. Ambiri mwa iwo amatulukira pachipata cha Mwanza, ndipo kuti akafike kumeneko amadutsa m'boma lathu lino la Neno. Ife amene timakhala kuno ku Midzemba, kumunsi kotentha kwa bomali, timawaona pa Zalewa atatsika m'basi, ndalama ili m'manja, maso ali pachiwaya, koma mapazi akukayika. Tsono tati lero tiyende naye mnyamata wotereyu tsiku limodzi, kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, tione chimene angaike m'kamwa.

Nkhaniyi ili ndi masamu ake. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu m'dziko muno ndi 13.8 pa anthu 100 alionse. Koma sitinamwazikane mofanana. Ku Mangochi tiliko oposa 7 pa anthu 10 alionse, ku Balaka tili ngati gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo ukafika kuno ku Neno ndi ku Mwanza tatsala owerengeka. Ndiye kuti basi ikamathamanga, mwana amene anakulira kumene mbuzi ya pamsika imazingidwa ndi munthu womudziwa, amalowa pang'onopang'ono m'dera limene wophika sanamuganizire. Eni derawo sakulakwa ayi, akuphikira makasitomala awo. Wofunika kutsegula maso ndi mlendoyo.

M'mawa mulibe vuto. Ukachoka ku swala ya Fajr, tiirumu za ku Mangochi zimakhala zitatsegula kale: tiyi wamkaka, sikono, mandasi otentha, phala la mpunga. Langizo lathu nlakuti idyani ngati munthu wopita kumunda. Wochita manyazi ndi chakudya cha m'mawa amalira nayo njala masana, ndipo munthu wanjala safunsa mafunso.

Pa za kamba tili ndi mawu kwa amayi. Agogo athu amene ankapita kumigodi nthawi ya Wenela ankanyamula zouma: mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, nsomba zowamba. Lero mayi wokonda mwana wake amamuphera nkhuku, kuiphika bwinobwino ndi tomato ndi anyezi, kuithira m'kontena pamodzi ndi mpunga wotentha, nkutseka mwamphamvu. Chikondi chimenecho sichifika pa Phalula. M'basi yodzaza, m'mwezi wa Okotobala, msuzi wa tomato umasasa dzuwa lisanapendeke, ndipo mpunga wotsekeredwa uli wotentha umayamba kunanda. Nkhuku ya paulendo iyenera kukazingidwa mouma ndi mchere wokha, izizire kaye, kenaka ikulungidwe m'pepala. Usipa wokazinga mouma umayenda masiku awiri osadandaula. Mbatata yootcha iposa yophika. Zikumveka zosakoma, koma mwanayo adzakuthokozani ali ku Tete.

Kuchoka ku Mangochi, kudutsa Ulongwe mpaka pa tenofu pafupi ndi Liwonde, chakudya chimabwera chokha pawindo: nthochi, chimanga chootcha, zitumbuwa, mazira owiritsa ndi kamchere kake. Pa zonsezi dzira ndiye bwenzi lenileni la wapaulendo. Linadzitsekera lokha m'chikamba chake, palibe mpeni umene unalikhudza, palibe funso loti analizinga ndani. Ongoonetsetsani kuti silinasweke, ndipo musende nokha. Nsomba nayonso siisowa kuzinga, ndipo kumtunda kumeneku ziwaya zambiri nza anthu athu omwe.

Basi ikadutsa Balaka nkulowa mumsewu wa M1 pa Chingeni, dzuwa limakhala lili pamutu, mimba yayamba kulira. Apa mpamene pali nkhani yathu yeniyeni.

Tiyeni tichiyang'anitsitse chiwaya. Ndi chitsulo chimodzi chachikulu, chokhala ndi dzenje pakati momwe mafuta amawira, ndi m'mbali mopendekera momwe amaunjika zimene zapsa. Mbatata ya kachewere imalowa m'dzenjemo. Nyama imalowa m'dzenje lomwelo. Zikapsa amazikankhira m'mbali, mafuta ake nkumatsetserekera pakati pomwe paja. Wogula akaloza nthuli, wogulitsa amaibwezeranso m'mafuta kuti itenthe. Ndiye kuti chilichonse chimene chinakhudza chiwayacho kuyambira m'mawa chinasiya msuzi wake m'mafutamo.

Mnyamata wathu anachoka kwawo ndi funso limodzi: "Mbuziyi anazinga ndani?" Ndi funso labwino, ndipo m'misika yambiri yankho lake limakhala lokoma, chifukwa ogulitsa nyama anazindikira kalekale kuti mbuzi yozingidwa ndi Msilamu imagulidwa ndi aliyense. Ena amasiya dala kamchira kapena chiboda chaubweya pamwendo wopachikawo kuti udzionere wekha kuti ndi mbuzi. Koma mchira sunena za mafuta. Ana athu ena akakayika nyama amati, "Basi ndipatseni chipisi chokha," nkuchoka mtima uli m'malo, osadziwa kuti chipisicho chasambira m'mafuta momwe munali kapado ola lapitalo. Nkhumba imene ankaithawa pambale yawapeza kudzera m'mbatata.

Ndipo musaganize kuti mafutawo amasinthidwa pakati pa nyama ina ndi inzake. Mafuta ophikira ndi ndalama zambiri, makamaka kuchokera pamene Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wogulitsa sataya mafuta, amangoonjezera. Nyama ya nkhumba imatulutsa mafuta akeake ikamakazingidwa, choncho kwa iye limenelo ndi phindu: chiwaya chikudzidzaza chokha. Sachita zimenezi pofuna kutipusitsa. Ndi masamu a munthu amene ayenera kugula ufa madzulo.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kufunsanso kuli ndi nzeru yake. Ukafika nkunena kuti, "Zimenezi ndi halaal?" munthu wofuna ndalama adzayankha kuti "Eya bwana" asanamve nkomwe tanthauzo lake. Funsani ngati wogula wamba: "Achimwene, lero muli ndi nyama yanji ndi yanji?" Akatchula mbuzi ndi kapado, mwamva zonse, thokozani nkupita patsogolo. Akati mbuzi yokha, onjezani: "Nanga chiwayachi mumakazingiramonso kapado masiku ena?" Ali mkati moyankha, maso anu aone mpeni, thabwa lodulirapo ndi foloko, ngati sakubwerekana ndi mnzake wa pambali. M'malo ambiri ogulitsa kapado amakhala mbali yawoyawo, kuseri pang'ono, kawirikawiri kufupi ndi komwera mowa. Chiwaya chimene chayandikana kwambiri ndi kumeneko chimafuna mafunso awiri m'malo mwa limodzi.

Koma chonde funsani motsitsa mawu. Tinaonapo achinyamata ena akulankhula ngati agwira mbava, mpaka kulavula malovu pamaso pa bambo amene akulera ana ake ndi ntchito imeneyo. Iwo amakwera basi nkupita, koma dzina loipalo limatsalira ife amene timagula pamsika womwewo mawa lake. Chikhalirecho funsoli si lachilendo kuno. M'boma la Neno muli a Seventh Day Adventist ambiri, mishoni yawo ya Matandani inakhazikitsidwa mu 1908, ndipo nawonso nkhumba sayandikira. Ogulitsa anazolowera kufunsidwa. Kusiyana kwathu nkwakuti anzathuwo za kuzinga safunsa, ndiponso mlamba ndi kampango sadya poti zilibe mamba, pamene ife a kunyanja timanyambita zala. Choncho wogulitsa akati, "Ngakhale a Sabata amadya pano," wayankha theka la funso lanu, theka linalo likadalipo.

M'matauni akuluakulu malo ena odyera ndi mabutchala amapachika chiphaso cha nthambi ya Halaal ya bungwe la Muslim Association of Malawi. Nzothandiza kwambiri. Koma chiwaya cha pansi pa mtengo chilibe khoma lopachikapo pepala.

Tafika tsopano pa Zalewa, pomwe msewu umagawikana, wina kuwoloka Shire kupita ku Blantyre, wina kukhotera ku Mwanza. Kuno kumatentha, ndipo ludzu limaposa njala. Choyamba kukuitana ndi thobwa. Thobwa la lero ndi chakudya chabwino, phala la ufa lotsekemera ndi chimera, ndipo kapu imodzi imagwira mimba mpaka madzulo. Koma likagona masiku m'chigubu padzuwa, ntchito ya mkatimo siima, kutsekemera kuja kumasanduka mowa. Thobwa ndi masese amakwera basi imodzi, amangosiyana potsikira. Chigubu chikakhala chofufuma, chikachita phokoso potsegula, thovu likachuluka, kapena mukalawa nkumva kuluma palilime, bwezani mwaulemu. Amayi ambiri ogulitsa amanena zoona ukawafunsa kuti, "Amayi, limeneli mwaphika liti?"

Madzi ali ndi mlandu wina, wosakhudza chipembedzo. Kolera imene inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 inafika m'maboma onse a dziko lino, ndipo pofika m'chaka cha 2023 inali itapha anthu oposa 1,700. Mangochi linali limodzi mwa maboma amene analira kwambiri, choncho owerenga athu sakufunika kuuzidwa zambiri. Madzi ozizira omanga m'timajumbo, mafilizesi, ndi kabichi wosaphika ndi tomato amene amawaza pachipisi, zonsezi zinadutsa m'madzi amene simunawaone. Chinthu chikhoza kukhala halaal bwinobwino koma nkukugoneka m'chipatala, ndipo kutsegula m'mimba uli m'basi yopita ku Joni ndi chilango chimene sitingachifunire ngakhale mdani. Nyamulani madzi owiritsa kuchokera kunyumba, kapena gulani a m'botolo losatsegula. Mwayi wa dera lino ndi zipatso zokhala ndi chikopa chake. Nyengo yozizira, cha m'Meyi mpaka Ogasiti, manachesi a ku Mwanza ndi kumtunda kwa Neno amadzaza m'mbali mwa msewu. Malambe aliponso ambiri.

Wina anganene kuti awa ndi mavuto a dziko losauka, a ziwaya za pansi pa mitengo. Ayi ndithu. Basi ili chiimire pa rodibuloko, tiyeni tidumphe nyanja pang'ono tikaone tsiku la wapaulendo wina. Abale a ku Chiponde ndi ku Mandimba akuidziwa netiweki ya Movitel, imene inayamba ku Mozambique mu 2012. Mwini wake wamkulu ndi kampani ya Viettel ya ku Vietnam. Dziko limenelo lili ndi anthu pafupifupi 100 miliyoni, Asilamu sakwana 1 pa 100 alionse, ndipo nyama imene amadya kwambiri ndi ya nkhumba. Mzinda wawo waukulu, Ho Chi Minh City, umene mpaka 1976 unkatchedwa Saigon, ndi wotchuka padziko lonse pa zakudya za m'mbali mwa msewu. Anthu amadyera panja, atakhala pa timipando tapulasitiki tatifupi, njinga zamoto zikudutsa kumsana kwawo.

M'mawa mlendo amalandiridwa ndi pho, mbale ya msuzi wotentha wa mafupa a ng'ombe kapena nkhuku amene awira maola ambiri, momwe muli timizere ta ufa wa mpunga tonga supageti, ndi masamba onunkhira. Nkhumba mulibe, koma funso la kuzinga lilipo. Akasuntha pang'ono amapeza hu tieu, mbale yofanana nayo, nthawi zina pamwamba pake pali za m'nyanja zokhazokha. Msilamu wosadziwa amati wapeza pothawira. Chonsecho msuzi wake ndi wa mafupa a nkhumba. Akati angodya buledi, amapeza banh mi, buledi wautali amene anawasiyira Afalansa, koma mkati mwake amapakamo chiwindi cha nkhumba chopera ngati majarini asanaikemo china chilichonse, ngakhale wapempha wa dzira. Masana pali com tam, mpunga wosweka, womwe uja kuno timauchotsa popeta nkuphikira phala. Iwo anausandutsa chakudya chonyaditsa mzinda wonse, koma mnzake ndi nthuli ya nkhumba yootcha, ndipo anyezi amene amawaza pamwamba ophika ena amamuthira mafuta a nkhumba. Mwaona tsono, abale. Msuzi wawo ndi chiwaya chathu. Chimene chili pamwamba pambale sichinena za mumphika.

Zilipo zimene munthu wa kunyanja angazimve ngati zakwawo. Pa tebulo lililonse pamakhala nuoc mam, msuzi wa tinsomba tonga usipa timene amatithira mchere wambiri m'migolo nkutisiya miyezi yambiri, ngakhale chaka, mpaka titatulutsa madzi ofiirira. Wotchuka ndi wa pachilumba cha Phu Quoc. Fungo lake limathamangitsa mlendo tsiku loyamba, koma ife amene tinakulira pafupi ndi thandala la usipa sitingachite nalo mantha. Chakumwa ndiye savutika nacho. Dziko la Vietnam ndi lachiwiri kwa Brazil pa kulima khofi, ndipo amamumwa wowawa kwambiri, wodontha pang'onopang'ono m'kasefa kachitsulo, nkumusakaniza ndi mkaka wa kondensi ndi madzi oundana. Nzimbe satafuna ngati ife, amazifinya pamakina uli pompo, iwe nkumwa madzi ake.

Nanga Msilamu amadya kuti? Njira yoyamba ndi kuphunzira liwu limodzi, chay. Likalembedwa pakhomo la malo odyera, ndiye kuti mmenemo saphika nyama kapena nsomba. Ndi chakudya cha achipembedzo cha Buddha, amene ambiri amasala nyama pa tsiku loyamba ndi la 15 la mwezi wawo wowerengera kumwamba. Njira yachiwiri ndi yomwe agogo athu ankaidziwa: funa mzikiti, chakudya uchipeza pafupi. Pa msewu wa Dong Du, pakati penipeni pa mzinda, pali mzikiti umene anamanga amalonda achisilamu ochokera kummwera kwa India mu 1935, ndipo mozungulira pamenepo pali malo odyera a halaal. Pafupi ndi msika waukulu wa Ben Thanh pali msewu waufupi wa Nguyen An Ninh umene unadzaza ndi malo oterewa chifukwa cha alendo ochokera ku Malaysia ndi Indonesia. Ambiri ogwira ntchito mmenemo ndi a mtundu wa Cham, Asilamu a m'dzikomo, amene midzi yawo ina ili ku Chau Doc, kufupi ndi malire a Cambodia. Kumeneko ngakhale pho amapezeka wa ng'ombe yozinga.

Msewu wa Nguyen An Ninh umenewu ndi umene watiyendetsa mtunda wonsewu. Amalonda kumeneko anaona alendo akuzungulira msika ndi njala, ndalama zili m'thumba, ndipo anawatsegulira khomo. Kuno mabasi ndi maminibasi odzaza ana a kunyanja amadutsa tsiku lililonse limene Mulungu analenga. Ife Asilamu a m'mbali mwa msewu uno ndife ochepa, nzoona, koma chiwaya chimodzi sichifuna mudzi wonse. Chimafuna mbuzi yozingidwa bwino, mafuta akeake, mpeni wakewake, ndowa ya madzi osamba m'manja ndi sopo, ndi kachikwangwani kolembedwa moonekera patali. Alipo kale abale ena amene akuchita zimenezi, koma ambiri salemba kanthu, amadalira kuti kofia ya pamutu iwalankhulira. Wapaulendo ali ndi mphindi khumi zokha, alibe nthawi yofufuza zipewa. Ndipo amene wapachika chikwangwanicho adziwe kuti wasenza katundu: tsiku limene adzabwereke mafuta kwa mnzake wa kapado poti ake atha, ndiye kuti wadyetsa anthu bodza.

Kondakitala waitana, tibwerere m'basi. Kuchoka pa Zalewa kukafika ku Mwanza ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Mashehe athu amatiphunzitsa kuti wapaulendo wautali chonchi amaloledwa kuphatikiza swala ya Dhuhr ndi ya Asr, iliyonse maraka awiri, choncho mnyamata wathu asataye mtima ngati dalaivala sanaime nthawi yake. Angosunga madzi pang'ono m'botolo lina ochitira wudhu, kusiyana ndi akumwa. Ulendowu ukagwera m'mwezi wa Ramadhan, chilolezo chomasula nkudzabweza masikuwo pambuyo chiliponso, ndipo pa kutentha kwa ku Tete sitingamuseke munthu amene wachigwiritsa ntchito.

Ku Mwanza ndi komaliza kugula ndi Kwacha. Apa chakudya cha madzulo chikhale chotentha, chochokera pamoto uli kuona: nsima ndi nyemba, kapena ndi mazira, kapena ndi nsomba, m'lesitilanti imene mwafunsa kale za mphika wake. Nyemba nazonso muzifunse, poti ophika ena amaponyamo fupa kuti zikome. Mugule buledi, manachesi, mtedza ndi madzi okwanira usiku wonse. Mukadinditsa pasipoti nkuwolokera ku Zobue, anthu akumvanibe Chichewa, koma zolembedwa pamakoma zidzakhala m'Chipwitikizi, ndipo mukamayandikira mlatho wa Zambezi ku Tete, Chinyungwe chidzayamba kuchuluka. Lembani mawu anayi awa kuseri kwa tikiti yanu: peixe ndi nsomba, frango ndi nkhuku, cabrito ndi mbuzi, porco ndi nkhumba.